Ana auzidwe zoona za komwe khungu ndi magazi atsopano zimachokera

Akonzi,

Tiloleniko malo m'nyuzipepala yanu, ndipo ngati n'kotheka kalatayi muiike pa tsamba limene ana amawerenga. Talemba ife aphunzitsi a sayansi ya zamoyo, anamwino ndi oyeza magazi a kuno ku Angonia. Mwana akafunsa kuti khungu latsopano pabondo pomwe anasupuka lachokera kuti, kapena kuti magazi amene anataya abwereramo bwanji, akuluakulu timangoti: "Idya nsima, ndiyo imasanduka thupi." Yankholi si bodza lenileni, koma likudumpha pamene pagona nkhani. Mwana amene wakula nalo ndi yemweyo amene atakula amakagulira wodwala chakumwa chofiira, ati chimuwonjezere magazi.

Thupi lonse linapangidwa ndi tinthu tamoyo ting'onoting'ono totchedwa maselo, timene mabuku athu a Chipwitikizi amati células. Aphunzitsi timakonda kunena kuti maselo ndi njerwa za thupi. Fanizoli limagwira tsiku loyamba lokha. Njerwa imaumbidwa ndi munthu kuchokera ku dothi, ndipo siibala inzake. Selo palibe amaliumba kuchokera ku phala: limabadwa pamene selo lina lakula, lakopera malangizo ake, kenako lagawika pakati n'kukhala awiri. Chakudya chimangobweretsa zipangizo. Dokotala wa ku Germany, Rudolf Virchow, anaitsindika mfundoyi mu 1855, kuti selo lililonse limachokera ku selo linzake, ndipo mpaka lero palibe wapeza selo la munthu lobadwa mwanjira ina.

Ana inu, tengani rula muyang'ane mpata wa milimita imodzi. Pampata umenewo mungandandalikepo maselo ofiira a magazi pafupifupi 130. Munthu wamkulu ali ndi maselo oposa 30 thililiyoni, koma onsewo anayamba ndi limodzi, dzira la mayi litakumana ndi mbewu ya bambo. Patapita tsiku limodzi kapena kupitirira pang'ono, selo lija linagawika n'kukhala awiri, awiriwo n'kukhala anayi. Kuti muone mphamvu ya kuwirikiza kotere, tengani nyemba m'lichero. Ikani imodzi pansi, pambali pake ziwiri, kenako 4, 8, 16, 32. Mukawirikiza ka 10 mufika pa 1,024, ndipo apa m'pomwe nyemba ndi nthawi ya phunziro zimathera. Pitirizani ndi cholembera: ka 20 mwadutsa miliyoni, ka 30 mwadutsa biliyoni, ka 45 mwafika pa 35 thililiyoni. M'thupi zinthu siziyenda mwa masamu osalala chonchi, chifukwa ena amasiya kugawika ndipo ena amafa, koma mwana akaziwerengera yekha sadabwanso kuti kanthu kosaoneka ndi maso kangasanduke khanda m'miyezi 9.

Tsopano kugawikako. Pakati pa selo pali kachipinda kotchedwa nyukiliyasi, ndipo m'menemo muli DNA, ulusi wopyapyala kwambiri wosunga malangizo onse a kapangidwe ndi kagwiridwe ntchito ka thupi. Ulusi wa m'selo limodzi mutaulumikiza ndi kuutambasula ungafike pafupifupi mamita awiri. Uli m'zidutswa 46 zotchedwa makromozomu, 23 ochokera kwa mayi ndi 23 ochokera kwa bambo. Kwa zaka zambiri akatswiri ankaphunzitsa kuti alipo 48, kufikira mu 1956 pamene Joe Hin Tjio ndi Albert Levan anawawerenga bwino ku Sweden.

Malangizowo analembedwa ndi zilembo zinayi zokha: A, T, G ndi C. Ulusiwo uli ndi mizere iwiri yogwirana, ndipo lamulo lake ndi limodzi: A imagwirana ndi T basi, G imagwirana ndi C basi. Lamuloli ndilo limachititsa kuti kukopera kutheke. Selo limalekanitsa mizere iwiri ija, n'kumangira uliwonse mnzake watsopano potsata lamulolo. Mphunzitsi alembe pabolodi ATTGCA, ana alembe mzere woyenera kugwirana nawo. Amene wamvetsa alemba TAACGT. Chimene mwanayo wachita ndi zilembo 6, selo limachita ndi zilembo zogwirana pafupifupi 6 biliyoni m'maola 8 okha. Limakwanitsa chifukwa siliyambira kumutu kupita kumchira, koma limayamba malo zikwizikwi nthawi imodzi. Pali mapuloteni amene amatsatira m'mbuyo kufufuza ndi kukonza pamene palakwika, moti pomaliza cholakwa chotsala chimakhala chilembo chimodzi pa biliyoni kapena kucheperapo.

Selo la munthu limene likugawika mofulumira limatenga pafupifupi maola 24 kuti limalize ulendo wonse. Maola 11 oyamba limakula, kupanga mapuloteni ndi tiziwalo take tam'kati. Maola 8 otsatira ndi a kukopera kuja. Kenako pali maola 4 okonzekera ndi kuunikanso ntchito. Kugawika kwenikweni, kotchedwa mitosis, kumene zithunzi za m'mabuku zimaonetsa, kumatenga ola limodzi lokha. Ana ambiri amaloweza mayina a magawo a ola limeneli koma ukawafunsa kuti kukopera kunachitika liti, amasowa chonena. Kukopera kumatha kaye, mitosis isanayambe.

Mu ola lomalizali zinthu zimayenda motere. Ulusi uja umapindika, kufupika ndi kunenepa mpaka kuoneka pa maikulosikopu. Kromozomu iliyonse panthawiyi imaoneka ngati chilembo X, chifukwa ndi makope awiri ofanana omatana pakati. Chikopa cha nyukiliyasi chimasungunuka. Kuchokera kumbali ziwiri za selo kumatuluka timitsitsi ta puloteni timene timakola kromozomu iliyonse, kamtsitsi kena kumanja, kena kumanzere, n'kuzikokera zonse 46 pamzere umodzi pakati pa selo. Apa selo limadikira. Ngakhale kromozomu imodzi yokha ikhale kuti siinakoledwe mbali zonse ziwiri, chizindikiro choti ntchito ipitirire sichiperekedwa. Zonse zikakoledwa, zomatira zija zimadulidwa nthawi imodzi, makope 46 n'kupita uku, 46 n'kupita uko. Mbali iliyonse imamanga nyukiliyasi yake, kenako lamba wa puloteni amathina pakati pa selo mpaka kulidula. Walther Flemming ndiye anazijambula izi mwatsatanetsatane n'kuzipatsa dzina mu 1882, poyang'ana maselo a kanyama kotchedwa salamander.

Sukulu imene ilibe maikulosikopu ingazionetse ndi ubweya wolukira. Dulani tizingwe tinayi: tiwiri titalitali, kamodzi kofiira ndi kena kobiriwira, ndi tiwiri tifupitifupi ta mitundu yomweyo. Jambulani bwalo pansi muikemo. Ana adule tina tinayi tofanana ndendende ndi toyamba, amange kalikonse ndi kanzake pakati, azindandalike pamzere, kenako amasule mfundo n'kukokera mbali ziwiri. Cholakwa chimene chimabwerezedwa m'makalasi ambiri n'chakuti ana amatumiza zofiira zonse mbali imodzi, zobiriwira mbali ina. Si choncho. Selo lililonse latsopano liyenera kulandira tinayi tofanana ndi toyamba tija: chachitali chofiira, chachitali chobiriwira, chachifupi chofiira, chachifupi chobiriwira.

Kodi zonsezi zimachitikira pati m'thupi la mwana amene akuwerenga kalatayi? Malo aakulu ndi m'mafupa. Tsiku limene kwanu kwaphedwa mbuzi, pemphani fupa lalitali la mwendo ndi nthiti imodzi. Mafuta achikasu a pakati pa fupa la mwendo, amene timalimbirana kuyamwa aja, sapanga magazi. Yang'anani kumapeto kwa fupalo, kapena m'kati mwa nthiti, komwe kuli timabowo tambirimbiri todzaza ndi zofewa zofiirira. M'menemo ndiye mopangira magazi. Khanda lili ndi zofiirazi pafupifupi m'mafupa onse. Munthu akakula zimatsala m'chiuno, pachifuwa, m'nthiti, m'msana, m'chigaza ndi kumapeto kwa mafupa a ntchafu ndi a mkono.

M'menemo muli maselo oyambira amene akagawika, limodzi limakhalabe loyambira, linalo limapita kukakhwima. N'chifukwa chake sathamo. Kuchokera kwa iwo kumabwera maselo ofiira onyamula mpweya, maselo oyera amene timawatcha asilikali a m'thupi, ndi tizidutswa toundanitsa magazi pabala. Selo lofiira limatenga pafupifupi sabata kuti likhwime. Limagawika kangapo, limadzaza puloteni yofiira yotchedwa hemoglobin, ndipo pomaliza limalavula nyukiliyasi yake kuti malo onse akhale a hemoglobin. Popanda nyukiliyasi silingagawikenso kapena kudzikonza, choncho limagwira ntchito masiku pafupifupi 120 n'kutha. Kuti chiwerengero chisatsike, mafupa a munthu wamkulu amatulutsa maselo ofiira oposa 2 miliyoni pa sekondi iliyonse.

Amene amalamula kuti apangidwe angati si mtima, monga ana ambiri amayankhira, koma impso. Zikaona kuti mpweya wa okosijeni m'magazi wachepa, zimatulutsa mankhwala a m'thupi otchedwa erythropoietin, amene amafulumizitsa mafupa. Pachifukwa chimenechi munthu wokhala kumapiri kuno ku Ulongwe, ku Domwe kapena ku Tsangano amakhala ndi hemoglobin wochulukirapo pang'ono kuposa mnzake wa m'mphepete mwa Zambezi mumzinda wa Tete, chifukwa kumtunda mpweya ndi wopepukirapo. Pachifukwa chomwechi wodwala impso kwa nthawi yaitali amachepa magazi ngakhale akudya bwino. Ndipo wopereka magazi kuchipatala asamaope kuti atha: pa mamililita 450 amene amatengedwa, madzi ake amabwerera m'masiku awiri, maselo ofiira m'masabata anayi kapena asanu ndi limodzi.

Maselo ofiira okalamba amaphwanyidwa m'kapamba ndi m'chiwindi. Ayironi amene anali m'kati mwawo satayidwa, amabwerera ku mafupa kukagwiranso ntchito. Chotsala chimasanduka utoto wachikasu umene umalowa mu ndulu, n'kutuluka ndi chimbudzi, ndipo ndi umene umachipatsa mtundu wake. Maselo ambiri akaphwanyika nthawi imodzi chiwindi chimalephera kuuchotsa wonse, maso n'kuchita chikasu.

Malo achiwiri ndi m'matumbo. Chikuto cha m'kati mwa matumbo aang'ono chimakumana ndi chakudya, ndulu ndi majeremusi tsiku lonse, choncho chimasinthidwa chonse pa masiku atatu mpaka asanu. Mwana akatsekula m'mimba chikutochi chimakhala chakokoloka, ndipo kuti chimerenso pamafunika chakudya ndi zinki. Mapiritsi a zinki amene amaperekedwa limodzi ndi madzi a mchere ndi shuga aja ayenera kumwedwa masiku 10 mpaka 14, ngakhale kutsekulako kutaleka tsiku lachitatu. Kumumana mwana phala kapena bere "kuti m'mimba mupume" ndi kumana zipangizo maselo amene akumanga.

Khungu ndiye mungalione ndi maso. Maselo amagawika pansi penipeni pa chikopa chapamwamba, atsopano n'kumakankhira akale kumtunda. Pokwerapo amaphwatalala, amauma, amafa, ndipo pakatha pafupifupi masabata anayi amafundukuka. Mbuu amene amaoneka m'miyendo m'nyengo yozizira ya June ndi July, amene ungalembepo dzina ndi chikhadabo, ndi maselo akufa amenewa. Tsitsi ndi zikhadabo nazonso zimakula kuchokera kutsinde kokha, tsitsi pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, chikhadabo cha chala mamilimita atatu. Mbali imene timameta kapena kuwenga ndi yakufa kale, n'chifukwa chake sipweteka.

Mwana akadzitema ndi chikwakwa kapena kugwa panjinga, ntchito imayenda mwadongosolo lake. M'mphindi zochepa magazi amaundana n'kutseka bala, ndipo pamwamba pakauma timati nkhanambo. Masiku awiri kapena atatu oyamba pamatupa, kufiira ndi kutentha pang'ono, chifukwa maselo oyera abwera kudzadya majeremusi ndi zinyalala. Kuyambira tsiku lachitatu, pansi pa nkhanambo pamamera mnofu wofiira wonyowa, wodzaza timitsempha tatsopano, ndipo maselo a khungu a m'mphepete mwa bala amagawika n'kumakwawira pakati mpaka kukumana. Akakumana amaleka. Mwana amene amatokosa nkhanambo amang'amba maselo okwawawa, ntchito n'kuyambiranso, chipsera n'kukula. Bala lofunika kusoka lifike kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mbali zake zikayandikana mtunda woti maselo akwawe umafupika. Pabala pamafunika madzi oyera ndi sopo ndi nsalu yoyera. Dothi, phulusa kapena ndowe zimalowetsa majeremusi, kuphatikizapo a kafumbata. Kufiira kukamafalikira, mafinya akamatuluka kapena thupi likatentha, ndiye kuti majeremusi akupha maselo atsopano mofulumira kuposa mmene akubadwira. Chipsera, ngakhale chitakhwima chaka chathunthu, chimangofika pafupifupi magawo 80 pa 100 a kulimba kwa khungu loyamba, ndipo sipameranso tsitsi.

Tifike pa zimene zimalakwika, chifukwa m'zipatala zathu ndi zimene timakumana nazo. Choyamba ndi kusowa zipangizo. Popanda ayironi hemoglobin sapangika mokwanira, maselo ofiira amatuluka aang'ono ndi otuwa. Popanda foliki asidi kapena vitamini B12 kukopera DNA kumachedwa, selo limangokula osagawika, ndipo m'magazi mumapezeka maselo akuluakulu koma ochepa. Woyeza magazi amasiyanitsa mavuto awiriwa pongoona kukula kwa maselo. Ayironi ali m'chiwindi cha nkhuku kapena cha mbuzi, m'nyama, mu kapenta wa ku Cahora Bassa amene timadya ndi mutu womwe, m'nyemba, mu soya, ndi m'masamba monga bonongwe, khwanya ndi nkhwani. Wa m'nyemba ndi masamba salowa m'thupi mosavuta ngati wa m'nyama, koma vitamini C wa m'malambe, masau, mandimu, mango kapena tomato amamuthandiza akadyedwa nthawi imodzi. Tiyi womwera pa chakudya amamutchinga. Masamba owiritsa nthawi yaitali amataya foliki asidi, ndipo soda kapena chidulo chimawononga vitamini C. B12 amapezeka m'zakudya zochokera ku nyama zokha: mazira, mkaka, nsomba, nyama. Chakumwa choziziritsa kukhosi, kaya chofiira chotani, mulibemo chilichonse mwa izi. Kufiira kwa magazi ndi kwa hemoglobin amene selo limapanga lokha, si utoto woti ungalowe kuchokera m'botolo kapena m'madzi owiritsa masamba.

Mapiritsi a sal ferroso amene amayi oyembekezera amalandira kusikelo ali ndi ayironi ndi foliki asidi, chifukwa mayiyo akupanga magazi ake owonjezera ndi maselo onse a mwana. Bungwe la WHO limalangiza mamiligalamu 30 mpaka 60 a ayironi ndi mamaikulogalamu 400 a foliki asidi tsiku lililonse. Ambiri amawasiya akaona chimbudzi chada, koma kuda kumeneko si vuto. Ena amasiya pakatha sabata, ati sakuona kusintha, pamene hemoglobin amafuna masabata angapo kuti akwere ndipo nkhokwe ya ayironi imafuna miyezi. Mapiritsiwa abisidwe patali: mwana wamng'ono akameza ambiri ndi poizoni woopsa.

Chachiwiri ndi kuwonongeka kwa maselo nthawi yawo isanakwane, ndipo kuno mdani wamkulu ndi malungo. Kachilombo ka Plasmodium falciparum kamalowa m'selo lofiira, kamadya hemoglobin, kamaswana, ndipo pakatha maola pafupifupi 48 selolo limaphulika, tizilombo tatsopano n'kulowa m'maselo ena. Kapamba amaphwanyanso ngakhale maselo ambiri amene sanalowedwe, ndipo iye mwini amatupa mpaka kumveka kumanzere pansi pa nthiti. Pamwamba pa izo, mafupa amachepetsa liwiro lopanga pamene matenda ali m'thupi. Kutaya kwachuluka, kupanga kwachepa: m'masiku ochepa mwana amatuwa. Tsegulani chikhatho chake muyerekeze ndi chanu, kokerani pansi chikope muone m'kati. Mukaona moyera, makamaka ngati akupuma mofulumira kapena wafooka, ulendo wa kuchipatala ndi wa tsiku lomwelo. Hemoglobin wa mwana wosakwana zaka zisanu akatsika pansi pa magalamu 7 pa mamililita 100 a magazi ndiye kuti vuto ndi lalikulu, pamene wabwino amakhala cha m'ma 11 kupita kumtunda. Mankhwala a malungo a Coartem amwedwe masiku atatu onse, kawiri patsiku. Njoka zam'mimba zolowera kumapazi zimayamwa magazi pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku, likodzo nalo limawatayitsa mumkodzo. Kwa mwana wobadwa ndi matenda a sickle cell, maselo ofiira amakhala masiku 10 mpaka 20 okha m'malo mwa 120, choncho mafupa ake amagwira ntchito mopanikizika moyo wonse.

Chachitatu ndi selo limene laiwala kuleka. Taona kuti pabala maselo akakumana amasiya kugawika. M'selo muli mapuloteni oimitsa ntchito DNA ikawonongeka, ndipo yodziwika kwambiri ndi p53. Kuwonongekako kukakhala kosakonzeka, p53 imalamula selolo kuti lidziphe lokha mwadongosolo. Kudzipha kotereku si kwachilendo m'thupi: n'kumene kunalekanitsa zala zathu tili m'mimba, pamene poyamba zinali zolumikizana ndi kachikopa. Koma zolakwa zikaunjikana pa malangizo a mapuloteni oimitsawa, nthawi zambiri kwa zaka zambiri, selo limagawika osamvera, ana ake onse n'kutengera khalidwelo. Imeneyo ndiye khansa. Si ufiti, ndipo chotupacho sichipatsirana pogwirana kapena kudyera mbale imodzi.

Zimene zimawononga DNA tikukhala nazo pakhomo. Utsi wa fodya ndi chimodzi, ndipo izi ana a m'madera olima fodya monga ku Macanga ndi ku Chifunde azimve msanga. Chuku cha pa mtedza ndi chimanga chosungidwa chisanaume chimatulutsa poizoni wa aflatoxin, amene amawononga malangizo a p53 m'chiwindi, makamaka mwa munthu amene alinso ndi kachilombo ka hepatitis B. Kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa, choncho mtedza wofwifwa, wowawa kapena wachuku ngotaya, osati kusinjira m'ndiwo. Dzuwa limawononga DNA ya khungu, makamaka la ana achialubino, amene amafunika chipewa chachikulu, malaya a manja aatali ndi mafuta oteteza tsiku lililonse. Kachilombo ka HPV kamalepheretsa p53 kugwira ntchito m'maselo a khomo la chiberekero, ndipo katemera wake, amene dziko la Mozambique linayamba kupereka kwa atsikana a zaka 9 mu 2021, amatseka njira imeneyo kachilomboko kasanafike. Palinso khansa ya ana imene dokotala Denis Burkitt anaifotokoza ku Uganda mu 1958, yofala m'madera a malungo ambiri. Imatupitsa nsagwada kapena mimba, mano n'kumagwedera, ndipo imakula moonekeratu m'masiku ochepa chifukwa maselo ake amawirikiza pa tsiku limodzi kapena awiri. Kufulumira komweko n'kumene kumaichititsa kumva mankhwala ikapezeka msanga, popeza mankhwala a khansa amalimbana ndi maselo amene akugawika. Tsitsi likathothoka ndi m'kamwa kutuluka zilonda panthawi ya mankhwalawa, ndi chifukwa chakuti maselo a kumeneko nawonso amagawika mofulumira, ndipo amameranso mankhwala akatha.

Mazira a mayi ndi mbewu ya bambo amapangidwa ndi kugawika kwa mtundu wina kumene kumasiya makromozomu 23 okha, kuti akakumana akwane 46. Kromozomu nambala 21 ikalephera kulekana ndi inzake, mwana amabadwa ndi 47, ndipo amakhala ndi Down syndrome, vuto limene limachedwetsa mwana kukula ndi kuphunzira. Palibe chimene mayi anadya, anaona kapena analakwa.

Ana adziwenso kuti si chilichonse chimabwerera. Chiwindi chimameranso ngakhale chidulidwe choposa theka, ndipo fupa la mwana lothyoka limalumikizana m'masabata anayi kapena asanu ndi limodzi likaikidwa bwino. Koma maselo ambiri a ubongo ndi a m'kati mwa msana sagawikanso, minofu ya mtima imasinthidwa pang'ono kwambiri, ndipo chikuto choyera cha dzino chilibe maselo n'komwe, moti chikabooka chabooka. Wokwera njinga yamoto wopanda chisoti akuika pachiswe maselo amene alibe olowa m'malo.

Kwa masukulu amene ali ndi maikulosikopu, mitosis ingaoneke ndi anyezi mmodzi. Muikeni pakamwa pa tambula yodzaza madzi, tsinde lokha likhudze madziwo, ndipo muzisintha madzi tsiku lililonse. Pakatha masiku atatu kapena anayi mizu imafika masentimita awiri. Dulani nsonga yeniyeni, mamilimita awiri kapena atatu okha. Mphunzitsi yekha ndiye agwire asidi: aviike nsongazo mu hydrochloric acid wosungunula wa 1 molar, wofunda pa madigiri 60, kwa mphindi zisanu, kenako azitsuke ndi madzi ozizira. Ikani nsonga imodzi pa kagalasi, dontheza utoto wa methylene blue kapena aceto-orcein, dikirani mphindi zitatu, vundikirani ndi kagalasi kopyapyala, ikani pepala pamwamba n'kudinikiza ndi chala chachikulu molunjika pansi. Yambani kuyang'ana pa mphamvu yokulitsa ka 100, mukapeza maselo aang'ono a mbali zinayi zofanana musinthire pa 400. Anyezi ali ndi makromozomu 16 akuluakulu, osavuta kuona.

Zikakanika, chifukwa chake chimadziwika. Mukaona maselo ataliatali okhaokha, mwadula kumtunda kwambiri, komwe maselo akungotalika osagawika. Maselo akasanjikizana osaoneka bwino, asidi anachepa nthawi kapena simunadinikize mokwanira. Akaphwanyika n'kukhala phala, kagalasi kanatsetsereka cham'mbali podinikiza. Zonse zikada bii, utoto wachuluka, ndipo muuyamwe ndi pepala kumbali. Mizu yokhalitsa kupitirira sabata m'madzi osasintha imakhala ndi maselo ochepa ogawika. Ngati maikulosikopu ndi ya kagalasi kounikira, kalozetseni ku khoma loyera kapena kumwamba kopanda dzuwa, osati ku dzuwa lenilenilo, chifukwa liotcha diso. Ngakhale zonse zitayenda bwino, maselo ambiri adzaoneka ndi nyukiliyasi yozungulira chabe, osagawika. Auzeni ana awerenge maselo 100, alembe angati ali mu mitosis, kenako ayerekeze ndi maola aja a kukula, kukopera ndi kugawika.

Ndife,
Aphunzitsi a sayansi ya zamoyo, anamwino ndi oyeza magazi,
Ulongwe, Angonia, m'chigawo cha Tete